Musanagule tayala, liyang'aneni kumlomo

Aliyense ali ndi kagulidwe kake ka tayala. Wina amaliponda ndi nsapato kuti amve kulimba, wina amalowetsa chala m'mizere kuti aone ngati mano akadalipo, wina ndiye amangofikira kufunsa kuti, "Mundichotsera zingati?" Koma n'kamodzikamodzi kuona munthu akuligoneka pansi tayalalo n'kuyendetsa dzanja m'mphepete mwa chibowo chapakati, pomwe tayala limaluma limu. Malo amenewo ndi amene ndikufuna tikambirane lero, chifukwa tayala likhoza kukhala ndi mano atsopano koma kumlomo linafa kalekale.

Mwina mukuti, "Ine galimoto ndilibe, za matayala zikundikhudza pati?" Zikukukhudzani ndithu, anzanga. M'mawa uno mwakwera minibasi, Sienta kapena kabaza. Ena munatenga ndalama ku banki m'khonde n'kugulira mng'ono wanu njinga yamoto kuti azipezerapo ya ndiwo. Ena mukudikira galimoto yanu yoyamba yochokera ku Japan, panopa ili pa doko la Dar es Salaam. Tonsefe timayenda titakhala pamwamba pa mpweya wotsekeredwa, ndipo pa galimoto yaing'ono chomwe chagwira zonsezo ndi kamtolo ka waya kosaposa chala kunenepa.

M'kati mwa mlomo muli chiyani?

Taganizirani lichero. Ndi timizere ta nsungwi tolukana, topyapyala moti kamodzi mutha kukathyola ndi zala. Chomwe chimachititsa kuti lipete chimanga zaka ndi zaka ndi mkombero wake, chifukwa nsonga zonse za nsungwi zimakathera pamenepo, n'kupanidwa ndi kumangidwa zolimba. Mkombero ukathyoka, amayi sadikira kuti pakati pabooke. Amadziwiratu kuti lichero lapita, liyamba kumasuka lokha.

Tayala nalonso n'lolukidwa. Labala wakuda timamuona uja ndi chofunda chabe. M'kati mwake muli ulusi wolimba wambirimbiri wondondozana, womwe aliyense wokulira kumudzi amaudziwa: ndi uja timausolola m'matayala akutha n'kumamangira denga kapena mpanda, timautcha linya. M'matayala a galimoto zing'onozing'ono ulusiwu umakhala wa polyester, rayon kapena nayiloni, pomwe m'matayala amakono a mathiraki akuluakulu umakhala wachitsulo. Pa tayala lokhala ndi chilembo cha R pa nambala yake, ulusi uliwonse umanyamuka pamlomo wa mbali imodzi, kukwera khoma la tayala, kudutsa pansi pa mano, n'kukatsikira pamlomo wa mbali inayo. Kalukidwe kameneka, kotchedwa radial, kanabwera ndi kampani ya Michelin ya ku France mu 1946.

Tsono nsonga za ulusi wonsewo ziyenera kumangidwa penapake, ngati nsungwi za lichero zija. N'chifukwa chake m'kati mwa mlomo uliwonse muli mkombero wa waya wachitsulo. Opanga matayala amautcha bead, amakaniko athu amangoti waya. Ndi waya wonenepa pafupifupi milimita imodzi, wokulungidwa maulendo ambiri mpaka kukhala kamtolo kozungulira ngati chibangili. Wayayu amamukuta ndi mkuwa wopyapyala kwambiri, chifukwa labala samata bwino pa chitsulo chokhachokha. Akamaphika tayala kufakitale, mkuwawo umagwirana ndi sulufule wa mu labala, ndipo ziwirizi zimamatana osafunanso kusiyana.

Ulusi uja ukafika pa waya, samaudulira pomwepo. Amauzungulitsa kunsi kwa wayayo kuchokera m'kati kupita kunja, n'kuubwezeranso m'mwamba, monga momwe telala amapindira mpendero wa kabudula kuti lasitiki akhale m'kati. Palibe mfundo iliyonse pamenepo. Chogwira ndi kupindako, pamodzi ndi labala amene wamata mbali ziwirizo. Pakati pa ulusi wotsika ndi wobwererawo amaikapo labala wouma kwambiri, wonenepa kunsi ndi wosongoka kumwamba, kuti tayala lisachoke mwadzidzidzi pa kuuma kwa waya n'kufika pa kufewa kwa khoma. Kunja kwa zonsezi amakutako kansalu kapena labala wosaperepeseka msanga, woteteza ulusi kuti usamakhulane ndi limu.

Chomwe chimawasowetsa tulo mainjiniya ndi funso lakuti nsonga ya mpenderowo ithere pati. Ikafupika kwambiri, ulusi ukhoza kusololoka. Ikakathera pomwe khoma la tayala limapindika kwambiri poyenda, nsongayo imayamba kutafuna labala woizungulira, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Vutoli n'lalikulu pa matayala a mathiraki, chifukwa pomwe ulusi wachitsulo wadulidwa palibe mkuwa uja, ndiye labala sagwira bwino. Makampani ena amaikulungiratu nsongayo mozungulira waya kuti isatulukire m'khoma. Ena saupinda n'komwe ulusiwo, amangoupana pakati pa mizere iwiri ya waya. Njira n'zosiyana, koma onse akulimbana ndi chinthu chimodzi: ulusi usasiye waya.

Katundu amene kamasenza

Tiwerengere limodzi pang'ono. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa pafupifupi 2.2 bar, womwe pa geji ina umawerengedwa kuti 32 psi. Zimenezi zikutanthauza kuti pa kamalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, mpweya ukukankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu awiri. Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi mwina ndi ya masentimita 15 m'litali ndi 7 m'lifupi. Pa malo ofanana ndi foni yanuyo, mpweya ukukankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu 230, kuposa matumba anayi a chimanga. Pa tayala la thiraki lopopedwa 8 bar, malo omwewo akusenza ngati matumba 17. Ndiye ganizirani kuti m'kati mwa tayala lonse mungayalemo mafoni angati.

Mpweya wonsewo ukufuna kutuluka. Ukukoka ulusi uliwonse ngati chingwe cha uta, ndipo ulusi uliwonse ukukoka waya. Usiku galimoto ili chiimire pakhomo, inu muli m'tulo, wayayo ali pantchito.

Galimoto ikanyamuka ntchito imachuluka. Mphamvu ya injini imafika pa limu, koma chomwe chaponda msewu ndi mano a tayala. Pakati pa ziwirizi palibe bawuti kapena guluu. Mlomo wokha ndi umene waluma limu. Mukaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa mbuzi yalowa mumsewu, mphamvu yoimitsa galimoto imadutsa pomwepo. Mukakhota pa liwiro, msewu umakankha tayala chammbali ngati ukufuna kulivula, mlomo n'kumakana. Pa matayala opanda chubu, omwe anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950, mlomo womwewo ndi umenenso umatseka mpweya kuti usapulumuke.

Kale ankachita kumata

Nzeru imeneyi sinabwere tsiku limodzi. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto yemwe ankakhala ku Belfast, analembetsa tayala lopopa lomwe anayamba kuliyesera pa kanjinga ka mwana wake. Linkayenda bwino, koma linkachita kukulungidwa ndi nsalu n'kumatidwa ku mkombero ndi guluu. Likabooka, inali ntchito ya maola: kumatula, kukonza, kumatanso, n'kudikira kuti liume.

Mu 1890 Charles Kingston Welch wa ku England anabwera ndi njira yomwe tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Anaika waya wosatamuka m'milomo ya tayala, n'kupanga mkombero wokhala ndi ngalande pakati. Chaka chomwecho William Bartlett analembetsa njira ina, ya milomo ya labala wonenepa yomwe inkakola m'mphepete mopindika mwa mkombero. Ku France, André ndi Édouard Michelin anapanga tayala lawo lochotseka, ndipo mu 1891 Charles Terront anapambana nalo mpikisano wa njinga wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera, mtunda wa pafupifupi makilomita 1,200. Onsewa ankafuna yankho la funso limodzi: tayala ligwire bwanji zolimba poyenda, koma n'kumachoka mosavuta likabooka?

Yankho la Welch ndi lomwe linakhalitsa, ndipo chinsinsi chake ndi ngalande ija. Popeza waya satamuka, ndipo m'mphepete mwa limu ndi motambalala kuposa chibowo cha tayala, palibe mphamvu yomwe ingalowetse tayala popanda kuononga china chake. Chofunika ndi kukankhira mlomo wa mbali imodzi m'ngalande yapakati. Ukatsikira m'menemo, mbali yoyang'anizana nayo imapeza mpata wodumpha m'mphepete. Wokonza njinga waluso amatha kulowetsa tayala ndi manja okha chifukwa amadziwa zimenezi. Amene sadziwa ndi uja amatenga hamala.

Limu ndi tayala ziyenera kukhala za nambala imodzi

Pomwe mlomo umakhala pa limu si pathyathyathya. Pa limu ya galimoto yaing'ono pamapendekeka madigiri 5, pa ya thiraki yopanda chubu madigiri 15, ndipo chibowo cha tayala chimapangidwa chocheperako pang'ono mwadala. Mpweya ukamalowa, mlomo umakwera kachitundako n'kudzipanikiza wokha ngati chivindikiro cha chigubu. Malimu a galimoto zing'onozing'ono amakhalanso ndi kanthumbira kozungulira chakumkati, kotchinga mlomo kuti usagwere m'ngalande mpweya ukachepa. Phokoso lija la "phwa!" timalimva akamapopa tayala latsopano ndi mlomo ukudumpha kanthumbirako n'kukhala pamalo pake.

N'chifukwa chake nambala ya limu si ya bolabola. Pa tayala lolembedwa 185/65 R15, 15 womalizayo ndi mainchesi a chibowo cha tayala, ndipo limu iyeneranso kukhala ya 15. Ngozi yodziwika kwambiri kwa okonza matayala ndi yosakaniza 16 ndi 16.5, kapena 17 ndi 17.5. Tayala la 16 limalowa ndithu pa limu ya 16.5, koma silingakhale pamalo pake. Munthu amangoonjezera mpweya akuganiza kuti latsala pang'ono, mpaka waya amaduka, tayala n'kuphulika ali chiweramire pamwamba pake.

Akabaza a njinga yopalasa, nanunso mvetserani. Matayala awiri akhoza kulembedwa 28 onse koma osakhala ofanana. La njinga zija zamphamvu zonyamulira makala, lolembedwa 28 x 1½, chibowo chake ndi mamilimita 635. Lina lotchedwanso 28, la njinga zamakono, ndi 622. Za 26 nazonso zilipo za 559 ndi za 590. Yang'anani nambala ina yolembedwa chonchi: 40-635. Manambala atatu omalizawo ndi amene amanena zoona. Mukaika la 635 pa mkombero wa 622 lidzalowa mosavuta, mudzasangalala, kenako lidzavuka muli ndi kasitomala kumbuyo.

Zomwe zimapha mlomo

Matayala ambiri amavulala kumlomo tsiku lomwe akuikidwa kapena kuchotsedwa. Sindikunyoza okonza matayala a m'mbali mwa msewu ayi. Makina ovulira matayala ndi odula, ndipo ambiri mwa abale athuwa amagwira ntchito yaukhondo ndi zitsulo ziwiri ndi sopo basi. Koma ndinaimapo pamalo ena pomwe mnyamata wophunzira ntchito ankalimbana ndi tayala la minibasi, chitsulo chili m'kati, iye akudumphira pamwamba. Mwini malowo, bambo wachikulire, anamuletsa. "Iwe, tatsika apo. Tayala salimbana nalo. Ponda mbali iyo ilowe m'ngalande, upake sopo." Mnyamatayo atatero, tayala linalowa ngati nthabwala. Kenako anatembenukira kwa dalaivala: "Achimwene, mukanapita kwina bwenzi atakudulirani waya, inu osadziwa. Mukanadzamvera ku Zalewa."

Madalawo ananena zoona. Chitsulo chikang'amba labala wa pamlomo, madzi amapeza njira yofikira pa waya ndi pa ulusi. Waya amachita dzimbiri, labala amamusiya, ndipo zonsezi zimachitika mobisika kuseri kwa limu. Waya akapindika kapena timawaya tingapo tikaduka, tayala likhoza kuyenda miyezi osaonetsa chilichonse, mpaka tsiku lomwe lanyamula katundu wambiri dzuwa lili phwee.

Chopaka pamlomo nachonso n'chofunika. Pali phala lake lopangidwira ntchito imeneyi, ndipo likasowa madzi a sopo amathandiza. Oilo wakutha, girisi ndi dizilo zimadya labala, komanso siziuma, ndiye tayala limatha kumaterereka pa limu.

Ndiye pali chija mwachionapo pa TikTok ndi pa Facebook: munthu akuthira petulo kapena kupopera mankhwala oyaka m'kati mwa tayala, kuponyamo moto, "phuu!" tayala lakhala. Pa vidiyo zimaoneka zaukatswiri. Koma kumeneko n'kuphulitsa bomba dala, ndipo palibe amene amayeza mphamvu yake. Likhoza kudula waya, kupsereza labala wam'kati, kapena kuponya limu kumaso kwa munthu. Mavidiyo a omwe zinawavuta saikidwa nyimbo. Opanga matayala amachenjeza kuti pokhazika mlomo wa tayala la galimoto yaing'ono mpweya usapitirire 40 psi, yomwe ndi pafupifupi 2.8 bar. Likakana kukhala pamenepo, aphwetse, aone chomwe chavuta, apakenso sopo. Ndipo limu ikasweka, owotcherera asaiyandikize moto tayala lili pomwepo, ngakhale litaphwa. Kutenthako kumaphika labala wam'kati n'kutulutsa mpweya woyaka, ndipo tayala limatha kuphulika ntchito itatha kale.

Wakupha wina ndi mpweya wochepa. Tayala lofewa limapindika kwambiri chakumunsi kwa khoma, pafupi ndi nsonga ya mpendero uja, ndipo kupindikapindika kumabala kutentha. Yesani kupinda waya wa hang'ala maulendo makumi awiri mumugwire, mumva. Kuyenda ndi tayala lophweratu, ngakhale kamtunda kochepa kokafika pa filing'i siteshoni, kumachititsa kuti limu ipere ulusi ngati mphero. Mpweya woyenera galimoto yanu walembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire oti musapitirire. Yezani m'mawa matayala asanatenthe.

Katundu wopitirira muyezo amachita zomwezomwezo. Pa tayala lija la 185/65 R15 mukaona 88 kumapeto kwake, ndiye kuti limaloledwa kusenza makilogalamu 560. Matayala a minibasi amakhala ndi chilembo cha C, ndipo ena amalembedwa 8PR. Ambiri amaganiza kuti muli mizere 8 ya ulusi, koma ndi kawerengedwe kakale ka nthawi yomwe ulusi unali wathonje. Lero zimangotanthauza kulimba kofanana ndi mizere 8 ya kaleyo. Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa minibasi chifukwa nambala ya limu yafanana ndi kusenzetsa mwana katundu wa bambo ake.

Madalaivala a malole amadziwanso za kutentha kwa mabuleki. Potsika mapiri ngati a Chiweta, Khwekhwerere kapena msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, munthu akangodalira buleki osatsitsa giya, kutentha kumachoka pa buleki n'kulowa mu limu, ndipo choyamba kupsa ndi mlomo wa tayala. Labala wa pamenepo amauma n'kumanyenyeka ngati chikhokho, ulusi n'kuyamba kumasuka pa waya.

Achinyamata okonda kukongoletsa galimoto, ndikudziwa kuti limu yaikulu yonyezimira imakoma m'maso. Koma kukokera tayala lopapatiza pa limu yotambalala kuti lioneke lothina kumapendeketsa mlomo mosiyana ndi momwe anaupangira. Ndipo tayala la khoma lalifupi likagwa m'dzenje, limu imafika msanga pa ulusi n'kuudula. Misewu yathu mukuidziwa nokha ikagwa mvula.

Pogula, chitani izi

Ambiri a ife timagula matayala a kaunjika, ndipo sindibwera pano kudzakuuzani kuti muzigula atsopano okhaokha ngati kuti ndalama zimathyoledwa mumtengo. Koma tayala la kaunjika lavulidwapo kale pa limu, mwina kangapo, ndi anthu omwe simunawaone. Ndiye ligonekeni pansi pamalo owala. Yendetsani zala pamlomo wonse, mbali zonse ziwiri. Mukapeza pong'ambika mpaka kuonekera ulusi kapena waya, popindika, pothimbirira ndi dzimbiri, kapena pouma mong'aluka, lisiyeni. Liimikeni muone ngati chibowo chili chozungulira bwinobwino. Suzumirani m'kati: mukaona makwinya, mzere wakuda woperepeseka kuzungulira khoma, kapena fumbi la labala, tayalalo linayendapo lili lophwa.

Onaninso zaka zake. Pakhoma pali manambala anayi omwe nthawi zambiri amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 1522 ndiye kuti sabata ya 15 ya 2022. A Michelin eni ake amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino.

Wogulitsa akati, "Apa ndi pang'ono, bwana, tingoikamo chubu," dziwani kuti chubu chimasunga mpweya basi, sichilumikiza waya woduka. Akati amata chigamba pamlomo kapena pakhoma, kanani mwaulemu. Malo okhawo ololedwa kukonza pa tayala la galimoto yaing'ono ndi pamano, pa bowo losaposa mamilimita 6. Chotupa chooneka ngati dzira pakhoma ndi chizindikiro choti ulusi unaduka kale m'kati, ndipo chimenecho chilibe mankhwala.

Akamaika tayala, musapite kukagula chipisi. Khalani pomwepo. Onani ngati limu ili yosapindika, ndipo ngati ili ndi dzimbiri pomwe mlomo umakhala, apalepo ndi bulashi, chifukwa dzimbiri ndi lomwe limabweretsa kuphwa kwapang'onopang'ono kuja kosapezeka bowo. Akamapopa, imani chapatali, osati moyang'anizana ndi khoma la tayala, ndipo ana asayandikire. Pa malole okhala ndi limu ya zidutswa, ija imatsekedwa ndi chitsulo chozungulira, tayala liyenera kupopedwa lili m'chikhola chachitsulo, chifukwa chitsulocho chikafwamphuka chimapha.

Akamaliza, pali kamzere kopyapyala kozungulira tayala pafupi ndi m'mphepete mwa limu. Opanga anakaika dala kuti mukaonere. Kayenera kutalikirana ndi limu mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Kakabisika pena n'kuonekera pena, mlomo sunakhale bwino, abwereze. Kamzere komweko kalipo pa matayala a njinga yamoto ndi yopalasa.

Nanga ife okwera chabe? Sitingavule tayala la minibasi pa siteji, koma maso tili nawo. Chotupa pakhoma chimaoneka. Tayala lofewa limaoneka. Waya wotuluka pafupi ndi mkombero wa kabaza amaoneka. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Pepani achimwene, ndidikira ina," kondakitala anyinyirike momwe angafunire. Ndipo ngati njinga yamoto kapena galimoto ndi ya pabanja panu koma akuyendetsa ndi wina, musamangofunsa za ndalama ya tsiku. Funsaninso kuti matayala anaika ndani, anagula kuti, ndipo mpweya anayeza liti. Paja safunsa anadya phula.

Kusiyana kwa mtengo pakati pa tayala labwino ndi lovulala kumlomo kumaoneka kwakukulu muli pa msika, chikwama chili m'manja. Muyerekeze ndi mtengo wa limu yatsopano, wa galimoto yokokera, wa masiku omwe kabaza wakhala osayenda, kapena wa kuchipatala, muona kuti wogulitsa uja sanakuchotsereni kanthu. Ndalama zikaperewera, ndi bwino kugula tayala limodzi lamlomo wabwino n'kudikira mwezi wamawa kusiyana n'kugula awiri okayikitsa.

Madzulo ano, tengani foni yomweyi, muyatse tochi, mukaunike tayala lililonse lomwe lili pakhomo panu, kaya ndi la njinga ya agogo. Pezani nambala ya limu, manambala anayi a chaka, ndi kamzere kaja. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mukapeza chachilendo, chijambuleni mukawaonetse okonza matayala musanakwezepo munthu.